Kalata yochokera ku Joni: Ndikudwala pa ganyu

Johannesburg,
South Africa.

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse ku Domasi kumeneko. Ine kuno ndili bwino, kungoti Lachitatu lapitali ndinadwala chifuwa chachikulu m'mawa, masana n'kuchira, madzulo n'kulandira malipiro. Musathamangire kwa abusa kukapempha mapemphero, kudwalako ndi ganyu.

Abwana amene ndimawatchetchera kapinga ndi dokotala wophunzitsa ana a sukulu ya udokotala. Ataona momwe ndimabuulira ndikafuna tchuthi, anati luso lotere lisathere m'maluwa. Ndiye mayeso akafika amanditenga kuti ndikakhale wodwala wabodza. Amandipatsa nkhani yoti ndiloweze: kutsokomola kosatha, thukuta la usiku, thupi kumangotha. Ana amalowa mmodzimmodzi, belu likalira wina atuluke, wina alowe, ine kutsokomola kwake komweko kuti pasakhale wokonderedwa. Pakona pamakhala mphunzitsi ndi pepala, akuchonga: wapereka moni? Wasamba m'manja? Wafunsa za makhololo? Mayesowa amawatcha OSCE, ndipo Ronald Harden ndi anzake a ku Dundee ku Scotland ndiwo anawalengeza ku dziko mu 1975.

Ndalemba chifukwa muphwa wanga uja anandidandaulira pa WhatsApp kuti mayeso a udokotala ku yunivesite ya KUHeS amuwumitsa mutu. Mumuuze kuti amalume ake tsopano ndi katswiri, mitundu yonse ya mafunso ndaifufuza pothirira maluwa.

Oyamba ndi osankha yankho, ngati aja a MANEB a Sitandade 8, kungoti awa ali ndi mano. Ubwino wake, pepala limodzi limayenda thupi lonse kuyambira kumutu mpaka kuchala, ndipo kompyuta imachonga mosayang'ana kuti mwanayu ndi wa ndani. Kuipa kwake, yankho lili kale papepala. Mayankho akakhala asanu, ngakhale nkhuku yanu yachitsotso ija itamangojompha, pa mafunso 100 ingakhoze pafupifupi 20. Nanga wodwala wa ku Songani amabwera atalemba A, B, C pamphumi?

Achiwiri ndi olemba ndime zitalizitali. Apa palibe kulotera, mwana amaonetsa momwe akuganizira. Koma mafunso amakhala ochepa, ndiye amene anawerenga za malungo zokha, malungo n'kubweradi, amatuluka ngati wanzeru. Komanso aphunzitsi awiri akhoza kupereka malikisi osiyana pa pepala lomwelo. Funsani aliyense wophunzitsa ku Domasi College of Education, akuuzani kuti kuchonga usanadye ndi kuchonga utakhuta n'kosiyana. Onjezani kalembedwe ka madokotala, koti abwana akandilembera zokagula, ndimabwera ndi feteleza m'malo mwa mkaka.

Achitatu ndi apakamwa, mwana mmodzi pamaso pa akuluakulu. Amenewa amayesa nzeru ndi mawondo omwe. Wina amakumana ndi wofatsa, wina ndi woti wayambana ndi akunyumba.

Achinayi ndi anga aja. Ndi odula, amafuna zipinda zambiri, aphunzitsi ambiri ndi otsokomola ngati ine, koma amaulula zimene pepala limabisa. Mnyamata wina, amene akuti pa zosankha palibe womuposa, analoweza mndandanda wa mafunso mpaka anandifunsa ngati ndili woyembekezera, ndevu zonsezi akuziona. Wina anandiyeza pachifuwa maso ali kwa mphunzitsi, osandipempha n'komwe kuti avule malaya anga. Koma kamtsikana kena kanandipatsa moni, kanafunditsa choyezera chija m'manja mwake kasanandikhudze, n'kufunsa ngati kunyumba kuli ana amene ndimagona nawo chipinda chimodzi. Ndinatsala pang'ono kukauza za msana wanga weniweni.

Chigamulo changa n'chakuti palibe mtundu umene ungayime pawokha. Osankha aone kuchuluka kwa zimene mwana akudziwa, olemba aone maganizidwe, koma asapatsidwe satifiketi asanaonedwe manja ndi ulemu wake pa munthu. Sukulu ya udokotala ya muphwa wangayo inatsegulidwa mu 1991 ku Blantyre, n'kukhala gawo la KUHeS mu 2021, ndipo odwala amene ana amaphunzirapo ku chipatala cha Queens si a ganyu ayi, ululu wawo ndi weniweni.

Choncho muphwa wangayo akabwera pa holide musamulole kungodzitsekera ndi mabuku. Akhazike agogo pamkeka, awafunse za miyendo yawo m'Chichewa chomveka, awamvetsere mpaka amalize. Akapirira nkhani ya agogo, belu silingamuopse.

Ndatumiza kangachepe pa Mukuru, ka mabuku ake ndi sopo. Wina akamakwera basi yobwera kuno, mumupatsire mpunga wa kusikimu ndi matemba a ku Chilwa, chifukwa abwana akuti mayeso akubwerawa ndidzadwala matenda a shuga, ndiye ndidyeretu. Moni kwa onse.

Ine mlongo wanu,
Wa ku Joni.