Ng'ombe Yanga ya pa Khoma

Thumba la ufa la makilogalamu 25 litadutsa K300 mu 2024, ndinalengeza pakhomo panga ku Chelstone kuti ndikubwerera kumudzi. Amake ana anangopitiriza kukupiza mbaula, poti magetsi anali atapita kokayenda monga mwa masiku onse. Koma nditamva mtengo wa basi ya ku Chipata, ndinaona kuti ndi bwino mudziwo ndiugule konkuno. Ku Kabwata Cultural Village, mumsewu wa Burma, amaugulitsa wojambulajambula pansalu: nkhokwe yodzaza, amayi akusinja uku akuseka, dzuwa likulowa, ndi ng'ombe yonenepa pansi pa mlambe.

Ng'ombe imeneyo, abale, ndi imene inandidyera ndalama ya ndiwo. Siifuna dibi, siidziwa denkete, siilowa m'munda mwa eni. Chaka chomwecho, pa 29 February, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, koma yanga sinataye ndi kilo imodzi yomwe.

Mwana wanga wa kusekondale akuti bodza ili ndi lakalekale. Mu 1821 Mngelezi John Constable anajambula chithunzi chotchedwa The Hay Wain: ngolo ndi akavalo mumtsinje, kagalu pagombe, bata lokhalokha. Anachijambulira ku London, ndipo bambo ake anali mwini chigayo cha ku Flatford. Mwana wa mwini chigayo angauone bwanji mudzi uli ndi njala? Chaka chotsatira, aganyu a m'minda ya ku Suffolk kwawoko anali kuswa makina opunthira tirigu ndi kutentha milu ya udzu, koma pansalu paja kagalu sikanauwe n'komwe.

Ine wanga ndi Thomas Baines, amene David Livingstone anamutenga mu 1858 kuti azijambula Zambezi ndi kusunga katundu wa paulendo. Mu 1859 anamuchotsa ntchito pomuganizira kuti wasowetsa zinthu ku Tete, kuphatikizapo shuga. Iye anakana, ndipo mu 1862 anakajambulabe mathithi a Mosi-oa-Tunya. Kaya anaba kaya sanabe, wojambula amene dzina lake linamveka pa mlandu wa shuga ndi mnzanga.

Ng'ombe ija ndinapita nayo kwa wa kaloba ngati chikole. Anaiyang'ana mano, n'kunena kuti alandira felemu yokha. Mphwanga atafunsira mbeta ku Woodlands, ndinalonjeza kuti malowolo ndithandizapo ng'ombe imodzi. Ankhoswe a kuchikazi mpaka lero sandipatsa moni.

Ku Kabulonga zithunzi zotere zili m'nyumba zambiri, zazikulu kuposa chitseko changa. Amene amazipukuta fumbi m'mawa uliwonse ndi mtsikana wochokera kumudzi weniweniwo, amene anathawa munda wopserera, ndipo malipiro ake a pamwezi sangagule chithunzi chimene akupukutacho. Mudzi timaukonda ukakhala chete pakhoma. Ukabwera pageti ndi chikwama cha Ukwa kudzapempha ya feteleza, timatuma mlonda kukanena kuti bwana achokapo.

Dzulo amake ana anagula kapamela ka ufa, n'kundiuza kuti: "Abambo, ndiwo palibe. Kapheni ng'ombe yanu ija." Ndawapempha kuti tidikire kaye, ikuoneka ngati ili ndi bere.