Madzi Saiwala Khwawa: Umboni wa Deep Purple

Mwambi wakuti madzi saiwala khwawa umaphunzitsa kuti munthu amabwerera kumene anazolowera, ndipo wofuna kuuyesa angayambire pa Deep Purple, gulu la ku England limene linayamba mu 1968 ndipo limaimba hard rock, chamba cha nyimbo chimene magitala amagetsi ndi ng'oma zimalira mofika pogonthetsa m'kutu. Oimba alowa ndi kutuluka m'gululi kambirimbiri, mwakuti olikonda amawerenga mibadwo yake ndi manambala, kuyambira Mark I mpaka Mark IX. Woimba ng'oma Ian Paice yekha ndiye wapezeka m'mibadwo yonse, kotero kuti n'koyenera kumuwerengera kumbali ya khwawa, osati ya madzi.

Mboni yaikulu ya mwambiwu ndi Ian Gillan, mwini mawu a mu nyimbo ya Smoke on the Water, amene analowa mu 1969, n'kuchoka mu 1973, n'kubwerera mu 1984 pamene gululi linadzuka litagona zaka zisanu ndi zitatu, n'kuchotsedwa mu 1989, n'kubwereranso mu 1992. Koma akale sanafotokoze chimene chimachitika madzi awiri osamwerana madzi akakumbukira khwawa limodzi. Woimba gitala Ritchie Blackmore, amene anachoka mu 1975 kukayambitsa gulu la Rainbow, anabwereranso mu 1984 yomweyo, ndipo kusagwirizana kwake ndi Gillan kunafika poti mu 1993 anasiya anzake ulendo wa zoimbaimba uli pakati, woimba gitala wina, Joe Satriani, n'kuitanidwa kudzautsiriza ku Japan. Blackmore sanabwererenso, ndipo ndi gulu la Blackmore's Night anatembenukira ku nyimbo zofatsa za ku Ulaya wakale, zimene zikusonyeza kuti madzi ena amaiwala mwadala.

Wokumbukira mopitirira muyeso anali Rod Evans, woimba woyamba, amene Gillan anamulowa m'malo. Mu 1980, eni ake a gululi ali m'tulo, Evans anasonkhana ndi oimba amene sanapondepo m'gululi n'kuyamba kuimba ku Mexico ndi ku United States pa dzina la Deep Purple. Nkhaniyo inapita kubwalo la milandu, kumene oweruza, amene mwachionekere sanawerengere mwambi ngati umboni, analamula kuti alipire madola oposa 670,000, ndipo ndalama zimene ankalandira pa zimbale zitatu zoyambirira za gululi zinalekera pomwepo.