Sukulu yopanda belu pa Waliranji

Magetsi akazima pa Waliranji, kwa Mavwere, khonde lotchajitsira mafoni pa sola limadzaza ndi akabaza, mavenda a soya ndi mtedza, aphunzitsi, ndi ife odikira minibasi pamsewu wa M12. Tsiku lina panakhala mayi wina, yunifolomu yoyera ikusuzumira kunsi kwa juzi, maso ali psuu ndi tulo. Anali atangoweruka ya usiku. Pambali pake panali azakhali ake, dengu la tomato lili pamiyendo, ndipo nkhani yawo sinali yonong'ona.

"Iwe mwana wa achimwene, anthu akukunena. Akuti kumaliro kuja unangoonekera n'kubwerera, ngakhale mphika umodzi osatsuka. Koma usiku wonse nyali ili ngwee, iwe uli pa foni."

"Azakhali, paja ndinakuuzani kuti ndili pasukulu."

"Sukulu yake iti? Sukulu imakhala ndi belu ndi aphunzitsi. Iwe ukugona m'nyumba mwako."

Akabaza anaseka, koma mayiyo sanaseke. Pang'ono ndi pang'ono nkhani inatuluka. Ali ndi dipuloma ya unamwino ndi uzamba imene anatenga pa koleji ina ya mishoni, mwa zija za pansi pa CHAM. Tsopano akufuna digiri, ndipo akuphunzira ndi yunivesite ina ya ku Lusaka ali konkuno. Nthawi ya mayeso ndi ya maphunziro a maso ndi maso amakwera ya ku boma, kudutsa pa Mwami, kukagwira basi ku Chipata. Masiku ena onse sukulu yake ndi foni ndi kalaputopu kakale kosasunga moto.

Mphunzitsi wina wa pulayimale anafunsa chimene ambiri tinali nacho kukhosi: bwanji osangopita ku Lilongwe, ku KUHeS? Paja kuyambira 2021 Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine zinaphatikizana n'kukhala yunivesite payokha, ndipo Lilongwe ndi pafupi kuposa Lusaka. Yankho linali lalifupi. Malo ndi opikisana, tchuthi cha maphunziro chimadikiridwa pamzere, ndipo ana sadya tchuthi.

Pa ndalama ndi pomwe mayiyo anapukusa mutu. Mu Novembala 2023 kwacha yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo aliyense wolipira fizi kunja kwa dziko anadzuka ngongole itakula asanabwereke kanthu. Pamwamba pake pali bandulo, thiransipoti, ndi malo ogona ku Lusaka.

"Nanga asisi, simutopa?" anafunsa wakabaza wina.

"Kutopa ndiye ndimatopa, achimwene. Pena ndimatseka buku n'kunena kuti basi, dipuloma yandikwanira. Koma folo koloko m'mawa foni imalira. Tili ndi kagulu pa WhatsApp, wina ali ku Katete, wina ku Lundazi, wina ku Kasungu. Timadzutsana. Wosayankha amagulira anzake bandulo. Ndiye ndimadzuka, osati chifukwa chokonda buku, koma kuopa chindapusa ndi manyazi."

Apa ndinamukhulupirira. Anthu amakonda kutumizirana timawu tolimbikitsa tokhala ndi maluwa m'mphepete, koma sindinaonepo munthu atamaliza asayimenti chifukwa cha timawu timeneto. Chimene chimadzutsa munthu pamphasa m'mwezi wa Juni, kukuzizira koopsa, ndi kudziwa kuti pali wina akumudikira ndipo afunsa.

Mayiyo anatchulanso zina mothamanga: sawerenga za chaka chonse, amangoona mutu wa lero, zoti akopere pa intaneti amadikira usiku pamene bandulo imatsika mtengo, zimene aphunzitsi ajambula amamvera akuchapa.

Koma pamene nkhope yake inasinthiratu ndi pomwe anayamba kufotokoza za ntchito. Anati kwa zaka zambiri wakhala akubaya magnesium sulphate amayi oyembekezera amene BP yawakwera mpaka kufuna kukomoka, chifukwa ndi zimene malangizo a pakhoma amanena. Tsopano akudziwa chifukwa chake amayang'ana kapumidwe ka mayiyo, kuchuluka kwa mkodzo, ndi kugogoda bondo asanabaye wina: mankhwalawo akachuluka m'thupi angathe kuimitsa kupuma. "Ndikawerenga usiku, m'mawa ndimakumana nazo pabedi. Wa ku kalasi amadikira chaka kuti azione." Ngakhale azakhali aja anasiya kusankha tomato n'kumvetsera.

Sanagonje ayi. Anangosintha funso.

"Ndiye ukamaliza utithawa, upite ku Mangalande ngati anzako aja?"

Funsoli si lachabe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino athu ambiri anapita ku Britain, zipatala n'kutsala pululu, ndipo akuluakulu akumudzi sanaiwale. Mayiyo anangomwetulira n'kufunsa mwini khonde ngati foni yadzaza.

Ine mlandu ndikuwapatsa azakhali, ngakhale ndinawamvetsa. Wophunzira wa ku Lilongwe akachoka pamudzi, aliyense amadziwa kuti kulibe, ndipo palibe amamuwerengera maliro amene sanapite. Wophunzira ali pakhomo amaoneka tsiku lililonse, choncho amatumidwa, amabwerekedwa ndalama ya fizi, mwana wa mnansi akatentha thupi pakati pa usiku amagogodedwa ndi iye. Digiri yake amaiba m'maola amene ena akugona, kenako n'kumanenedwa kuti wayamba matama. Apabanja akanangomulandira ana Loweruka masana, akanamuthandiza kuposa mmene akuganizira.

Minibasi isanafike, mphunzitsi uja anafunsanso ngati pepala la ku Zambia lidzagwire ntchito kuno. Mayiyo anati asanalipire kalikonse anayamba wapita ku Lilongwe kukafunsa, chifukwa wopereka chilolezo chogwirira ntchito ndi bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo mapepala a kunja amaunikidwa ndi National Council for Higher Education. Inu amene mwaona chikwangwani cha digiri ya unamwino pa Facebook ndipo mtima wayamba kale kudumpha, kafunseni ku maofesi awiriwa musanatumize ngakhale tambala imodzi.