Dengu la m'kompyuta

Mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, anandipeza ku Senga Bay ndikudikira usipa wa ndiwo. Anatsegula laputopu pamchenga pomwepo. "Amalume, taonani." Analemba chambo, utaka, kampango ndi mcheni m'kanthu kamene m'chiyankhulo cha kompyuta cha Java amati ArrayList. Akuti kamayamba ndi malo 10, ndipo kakadzaza, kompyuta imapeza malo okulirapo ndi theka n'kusamutsirako mayina onse.

Ndinamulozera mayi wina amene ankakhuthulira usipa wa m'chidebe m'dengu lalikulu poona bwato lina likukocheza. Nzeru imeneyo amayiwa anali nayo Java isanabadwe mu 1995, ndipo sanalipirire fizi.

Chimene chinandiwawa n'choti makinawo amawerenga kuyambira pa 0. Chambo, nsomba yoti mlendo amaikumbuka mpaka kwawo, n'kukhala nambala 0! Ndinamuuza kuti akadzamuwerengera msodzi ndalama choncho, adzathamangitsidwa ndi nkhafi mpaka ku Kamuzu Road.

Tili m'kati motsutsana batire inatha, nsomba zake zonse n'kuzimirira. Usipa wa mayi uja unali utayanikidwa kale pa thandala.