Msiyeni Wamatama Adzitame

M'dziko muno timapereka mendulo kwa asilikali, oimba ndi osewera mpira, koma munthu amene wakhala akudyetsa anthabwala onse sitinamugwirirepo ngakhale nkhuku. Ndikunena wamatama: uja amavala suti ndi tayi mu Okutobala ku Nsanje, thukuta lili kamukamu, uja amalendeweza palamba makiyi a galimoto ya abwana ake, uja anakhala ku Joni miyezi yowerengeka n'kubwerako ataiwala dzina la nkhwani. Ntchito yake amaigwira usana ndi usiku, salandira kanthu, sananyanyalepo. Ine ndikuti ulemu umene timauunjika pa wanthabwala wodzinyoza yekha ndi wobedwa, ndipo mwini wake ndi bambo ameneyu.

Taonani Charlie Chaplin. Mmphawi uja anayamba kumusewera mu 1914 saseketsa chifukwa cha umphawi, pakuti osauka tili nawo ambiri ndipo sitiwaseka. Choseketsa ndi chipewa, ndodo ndi mayendedwe aubwana pamwamba pa buluku lokhwepa ndi nsapato zosamuyana. Mu filimu ya The Gold Rush ya 1925, njala itamupana, amaphika nsapato n'kuidyera pambale ndi mpeni ndi foloko, zingwe zake n'kumazipota mwaulemu ngati ali m'hotela. Mulandeni matamawo, mutsala ndi munthu wanjala, ndipo oonera atuluka akupukuta misozi. Makolo athu anazidziwa izi filimu isanafike kuno. M'gule wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, muli Simoni wa nkhope yofiira, wotsanzira mzungu amene dzuwa lamuwamba koma kudzimva sikunamuchoke. Akanakhala kuti alendowo anafika atazolika, bwalo likanasowa chomuvinira.

Wina anena kuti wanthabwala weniweni safuna wamatama, popeza amadziseka yekha, ndipo kutero ndiko kudzichepetsa. Mvetserani bwino. Munthu akakwera pasiteji n'kumati ndine mbuli, mkazi anandithawa, ngongole zandifika m'khosi, pansi pa mawuwo pali ena osatchulidwa: ndine wamkulu moti ndingadzigwetse pamaso panu osathyoka. Ndiye pakhomo mwalipira kale kuti mumve zimenezo. Malemu John Nyanga ankasewera Izeki pambali pa Jakobo wa malemu Eric Mabedi, ndipo aliyense m'holo ankadziwa kuti uchitsiru wooneka pasiteji paja unkafuna nzeru zakuthwa. A Michael Usi anavala Manganya kwa zaka zambiri mu Tikuferanji, anthu akuwaseka, ndipo mu 2024 analumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. A Bon Kalindo, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Winiko, analowa m'Nyumba ya Malamulo mu 2014. Sindikuwanena, ndikungoonetsa kuti kudzitsitsa kumabweza phindu. Kudzinyoza ndi matama omwewo, kungoti avala sanza kuti tisawazindikire. Wamatama wanga ndiye woona mtima pa awiriwa. Iye amafuna kutamandidwa ndipo amanena poyera, n'kulandira chiseko m'malo mwake, pamene mnzakeyo amanamizira kukana ulemu n'kupita nawo kunyumba pamodzi ndi ndalama za pakhomo.

A mpingo nawo ali ndi mlandu wawo, wakuti kunyada kumathera m'kugwa. N'zoona, koma kugwako ndiko timadikira tonse, ndipo wakugwayo amadzigulira yekha suti yogwera, nthawi zina ndi ndalama ya katapila. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo iye amaukuza dala kuti ife tisaphonye.

Chitsutso cholemera ndi china: wamatama akagwira mphamvu, nthabwala zimatha. Apa sindingaseke. Mu nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda, lamulo la 1968 lounika mabuku ndi masewero linkachititsa olemba kuyeza liwu lililonse, ndipo Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Komabe cholakwika pamenepo sichinali kudzimva, chinali kuti kudzimvako kunali ndi apolisi ndi ndende. Wamatama amene ndikumuyimira alibe zonsezo. Chida chake ndi Chingerezi chotulukira m'mphuno, foni yaikulu yopanda mayunitsi, ndi dzina la udokotala limene sakumbuka bwino kumene analitenga.

Choncho mukakumana naye paukwati, musamudule mawu. Mukhazikeni kutsogolo, muitaneni kawiri pa perekaniperekani, mumutchule maudindo ake onse, ngakhale amene wadzipatsa m'mawa womwewo. Akapempha maikolofoni, mpatseni. Akadzapempha voti, mukaneni.