Usiku umene ndinalephera kugona m'chitokosi

Ine ndine telala wa pakhonde. Makina anga ndimatchera moyang'anizana ndi chipata cha msika, pamene fumbi la makabaza ndi fungo la usipa zimakumanira. Ntchito yanga yaikulu ndi kuika zigamba ndi kubweza mathalauza a kaunjika amene anasokedwera azungu aatali miyendo. Nzeru zakuya sindinkazidziwa, ndipo nazonso sizinkandidziwa. Tinkalemekezana patali ngati mkamwini ndi apongozi.

Mavuto anayamba tsiku limene aphunzitsi a Chingerezi a kusekondale ya mwana wanga anabwera ndi nsalu yakuda mamita khumi. Amafuna majekete aatali a anthu akale, a ana a sewero. Poyeza nsaluyo ndinachita chimene telala aliyense amachita, kufunsa zosandikhudza.

Aphunzitsi anati seweroli ndi la ku America, dzina lake The Night Thoreau Spent in Jail, kunena za usiku umodzi umene munthu wina wotchedwa Henry David Thoreau anagona m'ndende. Analilemba anthu awiri, Jerome Lawrence ndi Robert E. Lee, ndipo linayamba kuonetsedwa mu 1970, pamene anthu a ku America ankakangana za nkhondo ya ku Vietnam ndipo anyamata ankatengedwa kupita kunkhondoko afune asafune.

"Usiku umodzi basi?" ndinafunsa, mapini ali kukamwa. "Aphunzitsi, kuno kwathu munthu amagona sabata yathunthu chifukwa cha nkhuku, koma palibe amene anamulembera ngakhale kakalata."

Iwo anaseka, kenaka anakhala pa benchi yanga ya makasitomala n'kundiuza za munthuyo. Anabadwa mu 1817 m'katauni ka Concord, ku Massachusetts. Anaphunzira mpaka ku Harvard, ndipo kwawo ankapanga mapensulo. Atayamba uphunzitsi anangotha masabata ochepa n'kusiya, chifukwa akuluakulu a sukulu ankafuna kuti azikwapula ana. Mu 1845 anakamanga kanyumba ka chipinda chimodzi m'mbali mwa dziwe la Walden, pamalo a mnzake Ralph Waldo Emerson. Kanyumbako kanamudyera madola 28 ndi timasenti pang'ono. Anakhalamo zaka ziwiri ndi miyezi iwiri, akulima nyemba, kulemba, ndi kuyang'ana mbalame.

Apa ndinayamba kumukonda. Munthu wophunzira, wosalemera, wokhala pamalo a mwini, wolimbana ndi nyemba tsiku ndi tsiku. Kuchotsapo kuphunzirako, ameneyo ndi ine ndendende.

Tsono mu Julaye 1846, akupita kukatenga nsapato yake kwa wosoka nsapato, anakumana ndi Sam Staples, amene anali wapolisi komanso wokhometsa msonkho. Thoreau anali atatha zaka zingapo osakhoma msonkho wa pamutu. Staples anamuuza kuti ngati vuto ndi ndalama angathe kumulipirira. Iye anakana. Anati sangapereke ndalama yake ku boma limene linkalola kuti anthu akuda azigulitsidwa ngati mbuzi, limenenso linali litangoyamba kumene nkhondo yolanda malo a dziko la Mexico. Anamutsekera. Usiku womwewo wina anakamulipirira mwakachetechete, ambiri amati anali azakhali ake, ndipo m'mawa pomutulutsa anakwiya kwambiri. Zimene analemba pambuyo pake, zosindikizidwa mu 1849, zinadzawerengedwa ndi Gandhi ali ku South Africa, ndiponso ndi Martin Luther King ali mnyamata pakoleji.

Loweruka la sewerolo ndinalowa ulere monga mwini majekete. Mwana wanga anali atandiuza kuti ali ndi mbali yaikulu, sachoka pa siteji kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Ndinavala jekete langa la maukwati, n'kukhala benchi yakutsogolo, n'kuuza aliyense woyandikana nane kuti ayang'anitsitse.

Nsalu itatsegulidwa, tinaona zitsulo za ndende zopangidwa ndi nsungwi zopaka polishi wa nsapato. Kumbuyo kwake kunali Thoreau, mwana wa anthu ena, atavala jekete losokedwa bwino kwambiri. Pambali pake panagona munthu wa nsanza, akuliza mkonono. Ameneyo ndiye anali wanga. Sanandinamize, pa siteji sanachokepodi. Ankasewera Bailey, mkaidi woganiziridwa kuti anatentha khola, amene wakhala miyezi akudikira mlandu wake osazengedwa, wosadziwa ngakhale kulemba dzina lake. Ine ndimagulitsa tulo langa pa makina kuti ndilipire fizi, mwana n'kukaima pamaso pa gulu kuonetsa kuti sadziwa A.

Koma panali malo amodzi pamene holo yonse inangoti zii. Thoreau anagwada pansi n'kuyamba kuphunzitsa Bailey kulemba dzina lake, chilembo chimodzichimodzi, ndi chala. Mwana wanga anatulutsa lilime pang'ono monga ankachitira ali mu Sitandade 1, dzanja likunjenjemera. Atamaliza analiyang'ana dzinalo ngati munthu amene waona nkhope yake m'madzi koyamba. Mayi wina kumbuyo kwanga anafwenthera m'chitenje. Ine ndinati ndi fumbi la m'holomo.

Ndinatuluka m'menemo chifuwa chili patsogolo. Pofika kunyumba ndinali nditasanduka munthu wa mfundo.

"Amayi," ndinatero tikudya, "kuyambira Lolemba sindidulanso chiphaso cha msika. Chimbudzi cha mumsika chinadzaza kalekale, zinyalala zafika m'chiuno. Ndalama yanga sidzapita kumeneko."

Akazi anga anapitiriza kutema nsima. "Bambo, kuti munthu asiye chinthu amayamba wachichita. Inu chiphasocho munadula liti?"

Apa ndiyenera kuulula. Kwa zaka zitatu, ndikangoona mnyamata wa ziphaso akutulukira pachipata ndi kabuku kake, m'mimba mwanga mumayamba kubwata. Ndimavundikira makina ndi chitenje n'kuthamangira kuchimbudzi, chomwechija chodzazachi, n'kuimamo mphuno nditatsina mpaka atadutsa. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Matendawa ndi a kumtundu. Agogo anga aamuna, nthawi ya atsamunda, akangomva kuti amsonkho afika m'mudzi ankalowa m'nkhokwe n'kudzikwirira ndi chimanga. Pabanja pathu timawatchula ngati ngwazi, ngakhale kuti ankhondo okha amene analimbana nawo anali anankafumbwe.

Lolemba ndinakonzeka. M'jumbo ndinaikamo bulangete, koyilo wa udzudzu, mankhwala anga a BP, fulasiki ya tiyi ndi mandasi anayi. Thoreau analowa m'ndende mwadzidzidzi, koma ine ndinaona kuti kufera mfundo n'kwabwino munthu utafunda.

Mnyamata wa ziphaso atafika, m'mimba munayamba kale nyimbo yake, koma ndinakanikiza mapazi pa chopondera cha makina. Ndinaimirira n'kulankhula mokweza kuti azimayi a tomato ndi anyamata a kabaza amve. Ndinatchula chimbudzi. Ndinatchula zinyalala. Nditaona kuti anthu akuchuluka ndinatchulanso Mexico.

"Madala," anatero mnyamatayo motsitsa mawu, "ngati lero sizinayende, ndikudulirani ndi yanga, mudzandibwezera mawa."

Tsitsi linandiimirira. Zomwezija za Sam Staples! Mbiri inali kudzibwereza pakhonde langa. Ndinakana mwaulemu wa anthu otchuka, n'kutambasula manja onse awiri kuti andimange.

Sanandimange. Anabwera ndi anzake awiri, anamasula lamba, n'kuzula mutu wa makina n'kunyamula ngati mwana wa mbuzi. Ine anandisiya pomwepo, manja ali m'mwamba, ndi thebulo la bowo pakati. Mayi wina wa tomato anafunsa ngati Mexico ndi dzina la mnyamata wa ziphasoyo.

Ndinaona kuti ngati ndende sibwera kwa ine, ndipita ndekha. Ndinanyamula jumbo yanga mpaka ku kapolisi ka m'dera lathu.

"Tikuthandizeni, bambo?" anafunsa wapolisi wa pakauntala.

"Bwana, ndabwera kuti munditsekere. Ndakana kudula chiphaso."

"Wakudandaulirani ndani?"

"Palibe. Ndadzidandaulira ndekha."

Anandiyang'ana, anayang'ana bulangete, n'kununkhiza mpweya pang'ono kuti amve ngati ndalawa. "Bambo, muno ndi modzaza. Anthu akugona mosinthana. Pitani mukagone kwanu."

Ndikutembenuka, ndinamva mawu kuchokera pa kawindo ka chitseko cha chitokosi. Panaoneka maso awiri ndi zala zinayi zogwira chitsulo, chitsulo chenicheni, chosapaka polishi. Anali mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga.

"Madala, lero ndi lachingati?"

Ndinamuuza kuti ndi Lolemba. Anawerenga pa zala zake, n'kugwedeza mutu. Kenaka maso ake anatsikira pa jumbo yanga. Ndinapempha bwana uja, n'kupereka mandasi onse anayi ndi tiyi. Nditatero ndinatuluka mofulumira kuposa mmene ndinalowera, chifukwa fungo la m'menemo linandiuza kuti chimbudzi cha mumsika ndinkachinyoza chabe.

Ndinazungulirazungulira mpaka dzuwa litapendeka, kuopa maso a anthu. Pofika kunyumba ndinapeza mutu wa makina uli patebulo, utakulungidwa m'chitenje chimene ndinachizindikira msanga. Pakhonde la kuseri panali patakhala apongozi anga, amene anabwera kudzaona zidzukulu. Anali atagulitsa thumba lawo la mtedza, n'kukalipira chindapusa ndi ziphaso zonse zotsalira.

Thoreau anakwiya atamulipirira, ndipo amati anali azakhali ake. Koma azakhali ndi magazi ako, ungathe kuwakwiyira. Apongozi umawakwiyira bwanji? Ndinanjuta patali, chipewa chili m'manja, maso ali pansi.

Iwo sanandiyang'ane. Analankhula ndi khoma, monga mwa mwambo. "Muwauze bambo a kunyumba kuno kuti mfundo ndi zabwino. Koma ana sadya mfundo. Muwafunsenso kuti a Mekisiko amene amawatchula kumsikawo ndi a kwa yani, chifukwa ife pachinkhoswe sitinawaone."

Usiku umenewo ndinagona pabedi langa, bulangete la kundende nditafunda, tulo osabwera. Mwana wanga, Bailey wa pakhomo pano, ndiye anamaliza kundivula. Anati aphunzitsi anawauza kuti Thoreau ndalama ya msonkhoyo akanaipeza, inali yochepa. Msonkho wokonzera misewu ankakhoma bwinobwino. Umene anakana anaukana poyera, masana, chifukwa cha anthu ena: akapolo amene sanali abale ake, ndi anthu a ku Mexico amene sanawaonepo. Ndipo chilango chitabwera sanathawire m'tchire, ngakhale kuti tchire la ku Concord ankalidziwa kuposa wina aliyense.

Akazi anga anawonjezera ali chigonere, nkhope ili kukhoma ngati mayi awo. "Pali kukana, pali kuzemba. Mzungu wanuyo anakana. Inu ndi agogo anu mumazemba. Lero mwangozemba mokweza mawu."

Ndinafuna kuyankha kuti chimbudzi n'chodzazadi, ndipo zimenezo n'zoona mpaka lero. Koma ndinadzifunsa kuti chikanakhala choyera ngati cha kuhotela, kodi ndikanadula chiphaso? Yankho ndinalidziwa. Ndikanangobisalamo momasuka.

Lachinayi ndinagula mandasi ena n'kubwerera kupolisi kuja. Ndinapeza wapolisi wina. Ndinati ndabwera kudzaona mnyamata wa m'chitokosi.

"Dzina lake ndani?"

Ndinangoti kakasi. Thoreau wa m'sewero anagwada pansi kuphunzitsa mnzake kulemba dzina. Ine, wophunzira wake wamkulu m'dera lino, ngakhale kufunsa dzinalo sindinafunse. Wapolisiyo anati amene analimo Lolemba ena anatuluka, ena anawapititsa kundende yaikulu kukadikira milandu yawo. Mandasi ndinawasiya pakauntala kuti apatse aliyense amene ali m'katimo.

Panopa ndikubweza ngongole ya mtedza. Ndasokera kale apongozi yunifolomu ya Mvano ndi madiresi awiri, ndipo akuti mtedzawo unali wambewu, choncho ngongole ikadalipo. Kumsika andipatsa dzina latsopano. Ngakhale ana amene sindikuwadziwa amati, "A Mexico, mayi akuti mubweze siketi iyi." Chiphaso ndimadula tsiku lililonse, ndipo ndikamalandira ndimamuuza mnyamata uja, pamaso, kuti chimbudzi chikadali chodzaza. Iye amati, "Ndamva, madala," n'kung'amba kapepala.

Koma akangotulukira pachipata ndi kabuku kake, m'mimba mwanga mumabwatabe. Mutu wokha ndi umene unaonera sewero lija.