Kosi imene ndinaidumpha

Digiri ya zaka zinayi ine ndinaitenga pa zaka zisanu, ndipo chaka choonjezeracho sichinabwere chifukwa cholephera mayeso. Sapu, mayeso obwereza, sindinalembepo; kuwidedwa, kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera, sindinakuyandikirepo. Chinandigwetsa ndi pepala limene dipatimenti inatigawira titayamba chaka chachitatu, lofotokoza makosi amene aliyense wotenga History ngati major ayenera kukhoza asanalandire digiri. Ndinalipinda n'kuliika m'kati mwa kope, osaliwerenga mpaka kumapeto.

Ku sekondale ndinkadziwika ndi kusunga zaka pamtima. Msonkhano wa ku Berlin wa 1884 ndi 1885, kuphedwa kwa Franz Ferdinand ku Sarajevo mu 1914, pangano la ku Versailles la 1919, zonsezi ndinkazitchula osaphethira, ndipo n'zimene zinandikweza pa MSCE. Ndinalowa pa yunivesite ndikukhulupirira kuti mbiri ndi zinthu zimene zinachitika kale, ena anazilemba kale, ndipo ntchito ya wophunzira n'kuzibweza pa pepala la mayeso.

Dongosolo la maphunziro linali lomveka. Chaka choyamba munthu umalawa maphunziro angapo, chachiwiri umachepetsa, chachitatu umasankha phunziro lalikulu ndi lina lothandizira. Kwa ife a History makosi anali m'magulu awiri. Ena anali osathawika: mbiri ya Malawi, mbiri ya Africa atsamunda asanabwere, kosi ya njira zofufuzira mbiri ndi mmene olemba akhala akuilembera, kenako kafukufuku wa chaka chomaliza. Ena unkasankha wekha, monga mbiri ya Ulaya, ya America, ya chuma ndi ntchito za m'migodi kummwera kwa Africa, ndi ya zofukula m'mabwinja.

Chaka chachitatucho kosi ya njira zofufuzira inagundana nthawi ndi ya Ulaya wa m'zaka za nkhondo ziwiri zikuluzikulu, imene mtima wanga unali kuidikira kuyambira tsiku limene ndinalandira uthenga woti ndasankhidwa. Ndinafunsa mnzanga wina wa ku hositelo, mmodzi wa mafinale. Anati, "Aise, imeneyo isiye. Ndi yowuma, mulibe nkhani. Ine sindinaitenge, koma si uyu ndikumaliza?" Sananame, ndipo sindimuimba mlandu. Kwa iye History inali phunziro lothandizira chabe, choncho lamulolo silinkamukhudza. Ine sindinamufunse zimenezo. Ndinalembetsa ya Ulaya, ndinaikhoza bwino, ndinapita ku tchuthi ndili wosangalala.

Pa tchuthipo ndinaganiza zotsogola anzanga. Ndinali nditasankha kale mumtima mutu wa kafukufuku wanga: njala ya 1949. Kwawo kwa amayi ndi cha ku Lirangwe m'boma la Blantyre, limodzi mwa madera amene njalayo inaluma kwambiri. Mvula inayamba bwino kumapeto kwa 1948, kenako inadula chimanga chili chaching'ono. Anthu anayenda wapansi kukasuma ku Ntcheu, ku Mwanza, ena mpaka ku Mozambique. Boma la Bwanamkubwa Geoffrey Colby linaitanitsa chimanga kunja, ndipo pofika kumayambiriro kwa 1950 linali litatsegula misasa yodyetsera anthu ofooka. Chiwerengero cha boma chinati anafa ndi anthu pafupifupi 200, koma ofufuza ambiri amati n'chochepa kuyerekeza ndi zimene zinachitikadi. Izi ndinali nditaziwerenga mwachidule. Ndinaganiza kuti chatsala n'kukatola mawu a akuluakulu oti ndikongoletsere zimene ndinkadziwa kale.

Ndinafika m'mudzi ndi foni, kope ndi mafunso olemba kale. Kwa amfumu sindinadzere. Amalume ndiwo anamva kuti mphwawo akuyenda khomo ndi khomo akujambula anthu mawu, n'kunditenga kukapepesa. Amfumu anali munthu wofatsa. Anati mawa lake aitana akuluakulu kuti ndisavutike kuyenda, ine n'kuona ngati mwayi. Anabwera abambo okhaokha, n'kukhala pansi pa mtengo pabwalo, amfumu ali pampando pakati pawo.

Funso langa loyamba linali lakuti, "Kodi si zoona kuti boma la atsamunda ndilo linachititsa njala imeneyi?" Onse anati eya, n'zoona. Ndinalemba kuti anthu onse agwirizana. Bambo mmodzi wamawu amphamvu ndiye ankayankha pafupifupi chilichonse, ena n'kumangovomera ndi mutu. Sindinafunse aliyense chaka chimene anabadwa, kapena kuti njalayo inamupeza ali kuti. Wina anafotokoza mwatsatanetsatane za kugona pa mzere wa ADMARC kudikira chimanga, za anthu kudya gaga ndi zitsa za nthochi. Nkhani yake inandikhudza moti ndinaidula mzere pansi. ADMARC inakhazikitsidwa mu 1971. Bamboyo ankanena za njala ya 2002, imene anaiona ndi maso ake, ndipo sanandinamize. Ine ndi amene ndinalemba 1949 pamwamba pa tsambalo.

Chakumapeto kwa bwalo kunali gogo wina wamkazi atakhala pa mphasa, akusenda mtedza. Tikubalalika anandikodola. Anati, "Mdzukulu wanga, mwamva za abambo. Mubwere kuseri kuno ndikuuzeni za ife." Anandiuza kuti njalayo inamupeza ali namwali. Ameneyu ndiye anali mboni yeniyeni pa anthu onse amene ndinakumana nawo tsikulo. Ndinakhala pansi, ndinatsegula foni. Gogoyo asanafotokoze kanthu anayamba kuimba nyimbo imene anati ankaimba posinja m'zaka zotsatira njalayo. Foni inali itatsala pang'ono kutha moto, ndipo m'mudzimo magetsi munalibe. Ndinaizimitsa. Ndinati, "Agogo, nyimbo tiisiye kaye, ine ndikufuna zimene zinachitika." Anasiya. Mafunso amene ndinafunsa pambuyo pake anawayankha ndi mawu amodziamodzi, maso ali pa mtedza. Ndinatsanzika ndikuganiza kuti ukalamba wamutopetsa.

Sukulu itatsegulidwa ndinapita kukalembetsa kafukufuku wa chaka chomaliza. Mkulu wa dipatimenti anayang'ana mndandanda wa makosi anga, n'kubwereranso pamwamba ndi chala. "Achimwene, ya njira zofufuzira ili kuti?" Ndinafotokoza za kugundana kwa nthawi, ndinatulutsa kope langa la ku Lirangwe kuti aone kuti ntchito ndinayamba kale. Anawerenga masamba angapo mwachifatse, osaseka, osakalipa. Kenako anatulutsa pepala lija n'kundisonyeza mzere umene unkanena kuti palibe amene angayambe kafukufuku asanakhoze kosiyo. Inkaphunzitsidwa kamodzi pa chaka. Panalibe njira ina koma kuitenga tsopano, kafukufuku n'kudikira chaka chamawa.

Kuwauza amalume kunali kovuta kuposa zonse, pakuti ndalama ya lendi ndi chakudya ankaipeza pa nandolo ndi mbuzi zawo. Anamvetsera mpaka ndamaliza, n'kuti, "Safunsa anadya phula." Ndinati, "Amalume, kufunsa ndinafunsa." Iwo anati, "Unafunsa yani?" Chaka choonjezeracho chinadya mbuzi zimene ankasungira fizi ya mwana wawo wamkazi, ndipo mtsikanayo anakhala pakhomo teremu yathunthu chifukwa cha ine.

Kosi imene anandiuza kuti ndi yowuma inandiwerengera zolakwa zanga sabata ndi sabata, ngakhale mphunzitsi sankadziwa za ulendo wanga. Tinayamba ndi funso loti umboni wa mbiri ya dziko lino uli kuti. Mu 1919 moto unapsereza likulu la maofesi a boma ku Zomba, ndipo mafayilo ambiri a zaka zoyambirira za utsamunda anathera pomwepo. Amene anatsala, ndi amene analembedwa pambuyo pake, analembedwa ndi ma DC, apolisi ndi amishoni, aliyense ndi chifukwa chake cholembera. Mbiri yambiri ya anthu wamba ili m'kamwa mwa anthu. Samuel Josia Ntara anazindikira zimenezi kale pamene ankatolera kwa akuluakulu nkhani zimene zinakhala buku la Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940.

Tinawerenga Jan Vansina, wa ku Belgium, amene anagwira ntchito pakati pa Akuba ku Congo n'kulemba mu 1961 buku lotsutsa maganizo oti nkhani zapakamwa si umboni. Koma Vansina yemweyo ankaumirira kuti umboniwo uyesedwe: akunena ndani, anaona yekha kapena anamva, akunena pamaso pa yani, akupindula chiyani nkhaniyo ikamveka chonchi. Tinaphunzira kuti funso lokhala ndi yankho m'kati mwake limakubwezera maganizo ako omwe. Tinaphunzira kuti anthu akasonkhana pamaso pa mfumu amanena zimene mudzi wagwirizana, ndipo zopweteka za m'nyumba sazitulutsa. Tinaphunzira kuti kukumbukira kwa munthu kumaphatikiza zaka zofanana, njala ina n'kulowa m'njala ina, ndipo wofufuza amazilekanitsa ndi tizizindikiro ting'onoting'ono: mfumu inali ndani, ndalama inali shilingi kapena kwacha, chimanga mumakatenga kuti.

Gawo lina tinatenga kuukira kwa John Chilembwe kwa pa 23 Januwale 1915 n'kuona mmene nkhani imodzi imasinthira malinga ndi woinena. Pali umboni umene unaperekedwa ku komiti ya boma yofufuza za kuukirako chaka chomwecho. Pali zimene George Simeon Mwase analemba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Pali buku la George Shepperson ndi Thomas Price la 1958, ndi la Landeg White la 1987 lonena za Magomero, kumene William Jervis Livingstone anaphedwa. Tsiku ndi limodzi, koma Chilembwe wake amasiyana. Kwa munthu amene anakula akuloweza zaka, imeneyi inali nthawi yoyamba kuona kuti chaka ndi poyambira chabe pa mkangano.

Kenako tinafika pa buku la Megan Vaughan la 1987 lonena za njala ya 1949, lochokera m'dera lomwelo la Blantyre. Boma la atsamunda linkati vuto ndi kuchuluka kwa anthu, kuguga kwa nthaka ndi kulima fodya m'malo mwa chakudya. Vaughan anasonyeza kuti zifukwa zimenezi sizikwanira, n'kuunika malonda a chimanga ndi mmene chakudya chinagawidwira. Chimene chinandiumitsa pakamwa n'chakuti umboni wake wina wamphamvu unachokera m'nyimbo za amayi za pamtondo. Abambo ankakumbukira maulendo awo okasuma. Amayi ankakumbukira amuna amene anapita kukasuma kwawo osabwerera, maukwati amene anatha, ndi kagawidwe ka chakudya kamene kankakondera amuna a pantchito. Zimene mkazi sangazinene pabwalo ankaziika m'nyimbo. Gogo uja sanali kuchedwetsa nkhani. Anali atayamba kundipatsa umboni umene ndinapitira kumudziko, ndipo ine ndinauzimitsa ndi chala changa.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi ophunzira amene amati makosi okakamiza ndi njira yongotalikitsira maphunziro. Makosi osankha amakupatsa zimene ena anapeza, ndipo ndi okoma. Ya Ulaya ija sindidandaula kuti ndinaiphunzira. Koma munthu wa History amatumidwa kukakhala pamaso pa okalamba amene mwina sadzafunsidwanso ndi wina, ndipo dipatimenti ili ndi chifukwa chomuletsa kupita asanaphunzire kufunsa. Ngakhale makosi osankhawo ayenera kusankhidwa moyang'ana kumene ukupita. Wofuna kulemba za Amaravi akanachita bwino kutenga ya zofukula, aone zimene Yusuf Juwayeyi anapeza ku Mankhamba cha ku Mtakataka, mikanda ndi mbale zochokera kutali, komanso kuphunzirako Chipwitikizi, chifukwa zolembedwa zakale monga za ulendo wa Gaspar Bocarro wa 1616 wochokera ku Tete kupita ku Kilwa zinalembedwa m'chinenero chimenecho. Ine, wofuna kulemba za njala, ndinkafunika mbiri ya chuma ndi ulimi, imene ndinailambalala chifukwa inkayamba m'mamawa.

Nditakhoza kosiyo ndinabwerera ku Lirangwe. Ndinadzera kwa amfumu ndi kalata ya ku dipatimenti, ndinapempha kucheza ndi anthu mmodzimmodzi m'makomo mwawo, ndinanyamula chosungira moto wa foni. Gogo uja anali atamwalira m'nyengo yachisanu. Mwana wake wamkazi anandilandira bwino. Ankadziwa kuti agogo ake aamuna anachoka chaka cha njala kupita ku Ntcheu ndipo sanabwerere, ndiponso kuti panali ana aang'ono amene sanaone kukolola kotsatira. Angati, sankadziwa. Nyimbo ankaikumbukira kamvekedwe kokha ndi mawu ochepa a poyambira, chifukwa iye anakula chigayo chitafika kale.

Ku National Archives ku Zomba ndinapeza malipoti a boma onena za matumba a chimanga, mitengo yake ndi misasa. Kumudzi ndinapeza okalamba ena ochepa amene anali ana aang'ono mu 1949, ndipo umboni wawo ndinaulemba limodzi ndi zaka zawo ndi kumene anali. Kope la ulendo woyamba sindinatengemo kanthu. Chaputala chonena za amayi chinadalira Vaughan ndi zimene mwana wa gogoyo anamva kwa mayi ake, ndipo ndinalemba momveka kuti ndi umboni wongomva. Woyesa kafukufukuyo analemba m'mphepete kuti chaputala chimenecho n'chopyapyala ndipo chikusowa mawu a mkazi amene anaiona njalayo ali wamkulu. Anandipatsa malikisi apakatikati. Ndinamaliza chaka chimenecho, ndipo malipiro anga oyamba a uphunzitsi anapita ku fizi ya msuweni wanga uja.